Za geni ya ku Joni ndi chizungu chodandaulira akakugulitsani zowonongeka

Asisi, mwafunsa zinthu ziwiri pakamodzi, kuti geni yokaoda katundu ku Joni imayenda bwanji, komanso mwati chizungu chanu ndi cha pa Fomu 2 ndiye mukuopa kuti akakakuchitani chipongwe mu shopu mungoyang'ana osatha kuyankha. Ndiyankha zonse koma chachiwiricho ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe mpamba wa amayi anzathu ambiri umathera. Anthu amaganiza kuti ndalama zimadyedwa pa boda pokha, ayi ndithu, zina zimatsala pa kauntala mu Joni momwemuno chifukwa munthu wangoti "ok no problem" mtima ukuwawa.

Ndikulemba ndili ku Mayfair mu Joni momuno kwa mchemwali wanga komwe ndimafikira, katundu ndamanga kale theka. Ulendo wake ndi uwu: kuchoka ku Blantyre mumatulukira pa Mwanza, kulowa Mozambique pa Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako Nyamapanda kulowa Zimbabwe, Harare, Masvingo, mpaka Beitbridge. Mukadutsa pamenepo ndi Musina, Polokwane, msewu wa N1 mpaka Johannesburg. Werengerani masiku awiri, ndipo Beitbridge ndi yomwe imalamula kuti mufika nthawi yanji. Pasipoti ya Malawi imalowa mu South Africa popanda visa mpaka masiku 30 koma muziyang'ana deti lomwe akudindirani musanachoke pa windo, chifukwa mukapyola masiku anu potuluka amakuletsani kulowanso, chaka chimodzi ngati mwapyola pang'ono, zaka zisanu ngati mwapyola masiku oposa 30. Geni yatha pamenepo.

Kogula nkwambiri. Zovala, nsapato, mabulangete, zikwama ndi tinthu ta kukhitchini anthu amapikula ku China Mall ku Crown Mines ndi ku Dragon City cha ku Fordsburg, makatani ndi nsalu ku Oriental Plaza, ndipo mtauni mwenimweni cha ku Small Street ndi Jeppe muli mashopu a anthu aku Ethiopia odzaza ndi majinzi ndi masiketi. Ulendo woyamba musagule tsiku lofika, yendani kaye ndi kope mukulemba mitengo. Komanso tengani maoda kwanu musananyamuke, makasitomala apereke ka dipoziti, musamagule zomwe zakusangalatsani inuyo. Ma rand akuvuta kupeza, chichokereni pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44% mu November 2023 rand iliyonse timaigwira ngati dzira, ndiye kusiya R500 mu shopu chifukwa cha manyazi ndi kutaya phindu la ulendo wonse.

Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira ine chaka changa choyamba. Ndinagula maketulo a magetsi 12 mu shopu ina yomwe sinditchula, mnyamata wa pa shopu anandiyesera imodzi yokha, kagetsi kofiira kanayaka, enawo anangowaponya mu katoni nkumata tepi. Madzulo ndili kunyumba ndinati ndiyese onse, atatu osayaka, imodzi chivundikiro chothyoka. Mmawa ndinabwerera ndi katoni pamutu, kufika ndinayamba ndi "sorry boss, sorry, I am asking, these kettles are not good". Mayi wa pa till sanandiyang'ane nkomwe, anangoloza chikwangwani cholembedwa NO REFUND NO EXCHANGE nkuitana kasitomala wina. Ndinaima pamenepo mwina mphindi khumi katoni ili pamapazi, misozi ili m'maso, kenako ndinanyamula nkumapita. Maketulo anayi aja ndinakafika nawo mpaka ku Limbe osagwira ntchito, ndinalipiriranso malo mu telala ndi msonkho pa Mwanza. Mpaka lero zimandiwawa.

Amene anandiphunzitsa ndi mayi wina wa ku Mangochi yemwe wayenda msewu uwu zaka zambiri, tinakhala mpando umodzi pobwerera. Anandiuza kuti vuto silinali kuchepa kwa chizungu changa, vuto ndinalowa ngati wopempha. Kwathu tinaleredwa kuti ukafuna kudandaula kwa munthu umayamba ndi pepani, umazungulira kaye, umatsitsa mawu, ndi ulemu wabwino ndithu ndipo sindikuti tiutaye. Koma kuno ukayamba ndi "sorry" katatu amamva ngati wolakwa ndiwe. Pereka moni kamodzi, kenako nena zinthu zitatu: unagula liti, chavuta nchiyani, ukufuna chani. Basi.

Ndiye mumati "Good morning. I bought these here yesterday. Three of them are faulty. Here is my slip." Mawu akuti faulty amenewo agwireni, amatanthauza kuti chinthu chili ndi vuto lochokera kopangidwa, sichikugwira ntchito yake. Musamati "not good" chifukwa akuyankhani kuti inuyo ndi amene simunachikonde. Ngati chathyoka kapena chang'ambika ndi damaged kapena torn, ngati chili ndi mathotho ndi stained, zipi ikakana ndi "the zip is broken". Za magetsi zosayaka mumati "it does not switch on". Zakudya ndi mafuta odzola zomwe masiku ake adutsa ndi expired. Ndipo lisiti kuno ambiri amaitcha slip kapena till slip, mukamva "where is your slip" akufuna lisiti.

Pamaoda ambiri vuto lomwe limabwera kawirikawiri ndi kuperewera. Mwalipira madazeni asanu mupeza muli 56 mmalo mwa 60, apo mumati "the order is short, I paid for sixty, I received fifty-six". Nambala muzinena poyera, nambala sakangana nayo. Akakupakirani masaizi ena osati omwe munasankha ndi "you packed the wrong sizes", mtundu wina ndi wrong colour. Akakudulani mtengo woposa womwe walembedwa mumati "you overcharged me, the price on the shelf says eighty rand", ndipo chenji chikaperewera "my change is short". Izi muzinena musanachoke pa till, ndalama zili m'manja momwe akupatsirani, mukangotuluka pakhomo nkhani yasintha.

Tsono chomwe mukufuna muchitchule ndi dzina lake chifukwa apa ndi pomwe amatipusitsira. Refund ndi kukubwezerani ndalama. Exchange kapena replacement ndi kukusinthirani ndi china chabwino. Repair ndi kukonza chomwecho. Palinso credit note kapena voucher, kapepala koti mudzagulire china mu shopu momwemo tsiku lina, ndipo ambiri amathamangira kukupatsani kameneko. Kwa munthu wokhala ku Joni mwina nkabwino koma inu basi yanu ikunyamuka Loweruka, mudzabwera patatha miyezi iwiri, mwina shopuyo mudzapeza yasamuka. Ine ndimakana, ndimati "I don't want a credit note, I am travelling on Saturday, I want a refund or a replacement today". Repair nayonso ndimaikana pachifukwa chomwecho, "we will send it to the technician" ndi milungu.

Chikwangwani cha NO REFUND chija chisakuopsezeni kwambiri. Dziko lino lili ndi lamulo lotchedwa Consumer Protection Act la 2008, linayamba kugwira ntchito mu 2011, ndipo gawo 56 limati katundu akapezeka ndi vuto mkati mwa miyezi isanu ndi umodzi mutha kumubweza, ndipo wosankha pakati pa kukonza, kusintha kapena kubweza ndalama ndi inu wogula osati mwini shopu. Chikwangwani sichingafute lamulo. Koma mumve bwino, lamulolo ndi la katundu wa vuto, ngati mwangosintha maganizo kapena mwapeza kwina kotchipa sakakamizidwa kukubwezerani. Komanso akakuuzani poyera kuti awa ndi ma reject, ali ndi vuto lakuti, inu nkuvomera kugula motchipa, musabwerenso kudzalira. Mawu oti "sold as is" kapena voetstoots, kutanthauza kuti mukugula katunduyo momwe alili, mukawaona pa lisiti kapena pa katundu funsani kaye "what is wrong with it?" musanapereke ndalama.

Wa pa till akakana musalimbane naye, nthawi zambiri alibe mphamvu, nayenso ndi waganyu ngati abale athu omwe amagwira m'mashopu momwemo. Mumangoti "please call the manager" kapena "I would like to speak to the owner". Akati bwana kulibe, "I will wait", nkuima pambali pa till pomwe makasitomala ena akukuonani ndi katundu wanu, osatukwana, osakuwa. Ine ndaona kuti kuima chete pamenepo kumagwira ntchito kuposa phokoso, ukakuwa amangoitana sekyulite nkhani nkukhala ya phokoso lako osati ya ketulo. Bwana akabwera bwerezani zomwe zija mofatsa, akalozanso chikwangwani mumati "the goods are faulty, the Consumer Protection Act gives me six months". Ambiri akangomva dzina la lamulolo nkhope imasintha. M'masitolo akuluakulu pitani pa customer service desk, nenani "I want to lodge a complaint", ndipo musachoke opanda reference number (nambala ya dandaulo lanu) ndi dzina la amene wakuthandizani, "may I have your name please". Akakulonjezani kanthu, "please put it in writing". Kuli mabungwe olandira madando ngati Consumer Goods and Services Ombud ndi National Consumer Commission, koma kunena zoona kwa ife oyenda pa basi njira imeneyo ndi yaitali, nkhani zathu zimafunika kuthera pa kauntala.

Chenjeraninso ndi chizungu cha kuno. Munthu akati "I'll help you just now" sakutanthauza pompano, mutha kudikira ola lathunthu, ngakhale "now now" amene ndi wachanguko alibe nthawi yeniyeni. Ndiye funsani "what time exactly?" Mukakhalitsa osathandizidwa mumati "excuse me, I have been waiting for thirty minutes, who can assist me?" Wina akakulumphani pa mzere "I was here first". Za kunyozedwa nazo zilipo, simungayende mtauni muno osamva mawu aja onyoza alendo akuti kwerekwere tsiku lina, kapena munthu kukuyankhulani Chizulu dala akuona kuti simukumva. Apo ndimati "please speak English, I don't understand", ndipo akapitiriza mwano "please don't speak to me like that, I am a customer". Mawu a mwano ndi rude, mukamauza manejala mumati "your staff member was rude to me". Zimapweteka asisi, makamaka ukaganiza kuti ndalama zomwe wabweretsa ndi za ngongole ya ku banki mkhonde, koma musabwezere chitukwano, muli m'dziko la eni. Ndipo pasipoti izikhala pathupi masiku ali bwino, munthu amene mapepala ake ali bwino amadandaula mopanda mantha.

Za lisiti ndibwerezenso. Mashopu ena amakupatsani kapepala kolemba pamanja kopanda dzina la shopu, kameneko sikakuthandizani pobweza katundu ngakhale pa boda. Nenani "I need a tax invoice", ikhale ndi dzina la shopu, deti, katundu ndi nambala ya VAT. VAT, msonkho womwe amaphatikiza pa mtengo wa katundu, kuno ndi 15% ndipo alendo otuluka ndi katundu amatha kuitanitsa kuti abwezeredwe, koma popanda tax invoice musayambe nkomwe. Pa Mwanza a MRA akafunanso malisiti powerengera msonkho, mukapanda kuonetsa amayika mtengo wawo. Ine ndimajambula lisiti iliyonse pa foni nthawi yomweyo chifukwa mapepala a pa till amafufutika akakhala mu bra masiku atatu kukutentha.

Matransipota ndi a mabasi ambiri ndi a kwathu ndiye kumeneko mudandaula m'Chichewa, koma pa ofesi mukapeza kalaliki wa kuno mawu ake ndi "my bag is missing", "my goods arrived damaged", "who is responsible?" Chikwama chilichonse lembani dzina ndi nambala ya foni ndi maka yakuda mbali ziwiri, chijambuleni chisanakwere mu telala, ndipo tengani tikiti ya katundu yolembedwa kuti zikwama ndi zingati. Mtengo wa katundu mugwirizane musanakweze, ndipo mufunse ngati msonkho uli momwemo kapena mukalipira nokha pa boda, chifukwa mikangano yambiri ya pa Mwanza imayambira pamenepo.

Masiku ano sindichoka mu shopu ndisanatsegule katoni. Za magetsi ndimati "please test all of them", onse osati imodzi, olo akwiye kuti ndikuchedwetsa mzere. Dzulo lomweli ndagula ma blender 6, wachisanu anangolira osazungulira, mnyamata anapita kukatenga wina kuseri popanda mkangano uliwonse chifukwa ndalama zinali zidakali m'manja mwanga. Majinzi ndimawerenga limodzi limodzi ndikuyang'ana zipi ndi saizi.

Mawu ndalembawa akopereni mu kope laling'ono, muziwanena mokweza kunyumba mpaka lilime lizolowere, ana anu azikhala a pa till inu kasitomala. Ine ndibwerera Loweruka, ndikafika Lolemba boda ikatichitira chifundo, ndipo ulendo wina ndi kumayambiriro kwa mwezi wa mawa. Ngati pasipoti yanu yatuluka tidzanyamukire limodzi, tsiku loyamba mudzangonditsatira ndi kope lanu, lachiwiri mudzayankhula ndinu ine ndili pambali. Mudzatenge juzi, pa Beitbridge usiku kumazizira.