Mabuleki akayamba kulira mutatsika Khwekhwerere ndi katundu

Achimwene, mwafunsa ziwiri: mmene geni yokaoda katundu ku Mozambique imayendera munthu akakhala ndi galimoto yakeyake, komanso chimene chikuliritsa pikapu yanu kutsogolo chitsikireni ku Golomoti ndi matumba a kachewere. Za mapepala ndidutsapo msanga. Mukamatuluka pa chipata cha Dedza kulowa Calomue, kapena pa Biriwiri ku Ntcheu, khalani ndi pasipoti, laisensi, bulubuku, chilolezo cholowetsera galimoto kwa kanthawi, ndi inshulansi ya ku Mozambique komweko, chifukwa Yellow Card ya COMESA sigwira ntchito kumeneko. Apolisi awo amafunanso mathirayango awiri ndi jekete yonyezimira. Pobwera, katundu amaonetsedwa kwa a MRA, ndipo mbewu zimafuna kalata ya a zaulimi. Phindu lanu ndi zotsala mukachotsa mafuta, msonkho, onyamula, ndi ndalama yoika padera ya matayala ndi mabuleki. Yomalizayi ndi imene atsopano amaiwala, ndiye mapadi a mabuleki akatha amakatapa pa mpamba.

Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pomwe nyanja ili pansi pa mamita 500. Wochoka pa Masasa kutsikira ku Golomoti amatsika pafupifupi mamita 1,000 pa msewu wa makona okhaokha wa Khwekhwerere. Galimoto yolemera matani atatu pamodzi ndi katundu ikatsika chotero, mphamvu yoyenera kuthetsedwa ndi yokwanira kuwiritsa zidebe zinayi za madzi za malita 20. Mukaisiyira mabuleki okha, moto wambiri umathera m'madisiki awiri akutsogolo, poti galimoto ikamaima kulemera kumakankhikira kutsogolo. Liwiro likawirikiza kawiri, kutentha kwa poima kumawirikiza kanayi.

Musanamasule nati iliyonse, mvetserani nthawi imene phokoso likubwera. Makaniko amene wangomva mawu oti "ikulira" n'kuyamba kutchula mtengo wa mapadi, muthaweni.

Kulira kwa mmamawa kokha, kumene kumatha mukaponda katatu kapena kanayi, si matenda. Nkhungu ya ku Dedza ndi ku Bembeke imasiya kadzimbiri pa disiki usiku, mapadi n'kukapala. Kulira kosongoka kumene kumabwera mukaponda pang'ono, monga poima pa rodibuloko, koma n'kutha mukaponda mwamphamvu, kawirikawiri ndi mapadi opsa. Kutentha kukapyola muyezo, nkhope ya padi imauma n'kusalala ngati galasi, ndiye m'malo mogwira imangonjenjemera pa disiki. Poti kwanu kwayamba mutangotsika phiri, ndikukayikira chimenechi. Chizindikiro china n'chakuti buleki imalimba kuphazi koma galimoto imachedwa kuima.

Pali kulira kwina kumene kumamveka galimoto ikuyenda, nthawi zina n'kusiya mukaponda buleki. Mapadi ambiri ali ndi kachitsulo kopindika m'mbali, koikidwa dala kuti kakhudze disiki padi ikatsala mamilimita awiri kapena atatu. Kameneko ndi belu, kakukuuzani kuti nthawi yakwana. Kamwala kotsakamira pakati pa disiki ndi chilata cha kumbuyo kwake kamaliranso chimodzimodzi, makamaka mukachoka m'misewu yafumbi ya ku Tsangano. Kameneko kamagwa mukabwerera chambuyo pang'ono kapena mukakankha chilatacho ndi sikuludiraiva. Koma mukamva kukhwekhwereza kwa chitsulo pa chitsulo, padi yatheratu ndipo ikudya disiki. Pamenepo musanyamulenso katundu. Kung'ung'uza kumene kumakula ndi liwiro n'kusintha mukakhota, kumeneko ndi bering'i ya tayala, musavutitse mabuleki.

Tsopano kuona ndi maso. Dikirani zizizire, ikani miyala ku matayala akumbuyo, kwezani ndi jeki, ndipo tsamiritsani galimoto pa sitandi kapena chipika cholimba, osati pa jeki yokha. Chotsani matayala onse awiri akutsogolo. Kusuzumira pa mabowo a limu kumanamiza, chifukwa kumangoonetsa padi yakunja, pomwe yam'kati ndi imene imakonda kutha mobisa. Padi yatsopano imakhala ndi nyama ya mamilimita 10 mpaka 12, osawerengera chitsulo chimene yamatidwapo. Ikafika pa 3, sinthani. Wa maulendo a m'mapiri ndi katundu asadikire mpaka pamenepo. Pa 4 yakwana, chifukwa padi yopyapyala imatentha msanga n'kupereka motowo ku pisitoni ndi ku fuluwidi wa mabuleki. Ngati mulibe choyezera, gundanitsani mitengo iwiri ya machesi: nyama ikalingana nayo, gulani ena.

Mapadi anayiwo muwandandalike pansi monga analili pa galimoto, muwayerekeze. Akatha mofanana, kalipa (chitsulo chimene chimapanikiza mapadi pa disiki) ili bwino, vuto ndi katundu ndi kaponderedwe. Imodzi ikatha kwambiri kuposa inzake ya pa tayala lomwelo, yambani ndi mapini awiri amene kalipa imatsetserekapo. Ayenera kulowa ndi kutuluka ndi zala zokha. Timphira tawo tikang'ambika, fumbi ndi madzi zimalowa, pini n'kuuma. Padi yodyeka mopendama, mbali ina yonenepa ina yopyapyala, ndiye kuti pini imodzi yagwira. Tayala limodzi likadya mapadi ake onse awiri kuposa linzake, kayikirani pisitoni yomata kapena paipi ya mphira yofufuma m'kati, imene imalola fuluwidi kupita koma osabwerera. Njira yachidule yodziwira ndi iyi: yendani makilomita asanu pa msewu wosalala osapondaponda, imani, yandikizani dzanja pa limu iliyonse osakhudza. Yotentha kuposa inzake ndiyo ikugwira.

Disiki nayo imalankhula. Mabala abuluu kapena ofiirira ndi chipsera cha moto. Mizere yakuya yokola chikhadabo, kapena ming'alu yofika m'mphepete, ndiye kuti yatha ntchito. Pa disiki pamadindidwa mawu oti MIN TH ndi nambala, kumene ndi kupyapyala komaliza kololedwa. Kukapalitsa disiki pa makina kumathandiza pokhapokha ikatsala pamwamba pa nambalayo, apo ayi mwangoichepetsera chitsulo chosungira kutentha. Chiwongolero chikamanjenjemera poponda, nthawi zambiri ndi zotsalira za padi zomatirira pa disiki mosafanana, kapena manati a tayala omangidwa ndi chipaipi chachitali, ena kwambiri ena pang'ono.

Chimene ambiri sachiganizira chili kumbuyo. Mapikapu monga Hilux, ngakhalenso Probox, ali ndi madiramu kumbuyo. Mashuzi, amene amagwira ntchito ya mapadi m'diramumo, akatalikirana ndi diramu, ntchito yonse imagwera mapadi akutsogolo, ndipo amatha mwezi usanathe pomwe akumbuyo akali atsopano. Handibuleki yokwera mpaka kumapeto ndi umboni wake. Mapikapu ambiri akale alinso ndi valavu yolumikizidwa ku akiselo yakumbuyo ndi kandodo kapena sipuling'i. Galimoto ikatitimira ndi katundu, valavuyo imawonjezera mphamvu ku mabuleki akumbuyo. Ndiye amalonda timakonda kuwonjezera masipuling'i kuti pikapu isagwade ndi matumba. Ikapanda kugwada, valavu imayesa kuti mulibe katundu, n'kumana mabuleki akumbuyo mphamvu. Ngati munawonjezera masipuling'i, uzani makaniko aichunenso. Ena amangoimangirira ndi waya kuti ikhale yotseguka. Kumeneko n'kuitana ngozi, chifukwa tsiku lopanda katundu mvula ikugwa matayala akumbuyo amaleka kuzungulira mukangoponda buleki, galimoto n'kutembenuka.

Fuluwidi amamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono. Wa mtundu wa DOT 3 watsopano amawira pa madigiri 205, koma akamwa madzi amatsika kufika cha pa 140. Wa DOT 4 ndi 230 ndi 155. Akawira m'kalipa mumachita nthunzi, buleki imalowa mpaka pansi ngati mwaponda siponji, ndipo ikazizira imabwerera ngati palibe chachitika. Kubwererako kusakupusitseni. Khuthulani yense, thirani watsopano wa m'botolo losatsegula, ndipo muzitero pa zaka ziwiri zilizonse. Fuluwidi akatsika pang'ono m'kabotolo popanda podontha, ndi mapadi akutha. Kumangowonjezera n'kubisa chizindikiro. Madzi a sopo kapena oyilo wa injini asalowemo ngakhale mutasowa chotani, oyilo amafufumitsa timphira tonse.

Pogula mapadi, tengani akale m'manja pamodzi ndi nambala ya chasisi, chifukwa galimoto zochokera ku Japan za dzina limodzi zimasiyana mapadi malinga ndi chaka. Bokosi lokongola si umboni, mayina odziwika amaberedwa. Yang'anani ngati nyama yamatidwa bwino pa chitsulo popanda mpata, ngati kachitsulo kochenjeza kalipo, ndiponso ngati muli timalata topyapyala ta kumbuyo kwa padi, timene timaletsa kunjenjemera. Amakaniko ena amatitaya poti tikuchedwetsa ntchito, mawa lake galimoto n'kumalira ndi mapadi atsopano. Otchipa kwambiri amagwira bwino m'tauni, koma pa mtsetse wautali ndi amene amayamba kununkha. Sinthani mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Ndipo khalani ndi seti ina pansi pa mpando, kuti musakagule mothamanga ndi metikashi ku Tete kapena ku Ulongwe wa ku Angonia.

Ngati mapadi anu angopsa pamwamba koma nyama ikadalipo yambiri, yalani sandipepa pa galasi kapena pa simenti yosalala, kwechani nkhope ya padi mpaka kunyezimira kuchoke, kwechaninso disiki mbali zonse. Fumbi lake musauzire ndi pakamwa, pukutani ndi kansalu konyowa. Yong'aluka kapena yonyotsoka m'mbali, tayani. Mapini apakeni girizi wa silikoni. Girizi wamba amafufumitsa timphira, pini n'kugwiranso. Girizi asakhudze nkhope ya padi kapena disiki. Mukamanga, pondani buleki kangapo mpaka ilimbe musanasunthe galimoto, chifukwa kuponda koyamba kumapita pansi kopanda kanthu. Kenako pezani msewu wopanda anthu, opanda katundu, thamangani 60 n'kutsika kufika 20 kasanu ndi katatu kapena kakhumi, osaimiratu, kenako yendani mphindi zingapo kuti zizizire. Mapadi ongoikidwa kumene asakayambire pa Khwekhwerere.

Kutsika kwenikweniko: giya imene mungakwerere phirilo ndi katundu ameneyo ndi imene mutsikire nayo, ndipo ilowetseni pamwamba, liwiro lisanakule. Pa otomatiki ikani 2 kapena L, kapena B ngati ilipo. Wa Canter kapena Dyna ya dizilo atsegule ekizozi buleki. Injini ikamakuwa musachite mantha, ikugwira ntchito yake. Kuika fili kuti mupulumutse mafuta n'kumene kumapsereza mapadi, ndipo kuzimitsa injini kumapha busita ya mabuleki ndi pawa ya chiwongolero. Pondani mwamphamvu kwa kanthawi liwiro litsike, chotsani phazi zizizire, osagoneka phazi pa buleki njira yonse. Mukamva fungo lopsa, pezani malo otakasuka, imani, ikani giya ndi miyala, chotsani phazi pa buleki kuti padi isadinde disiki yamoto, ndipo dikirani theka la ola. Osathira madzi, disiki imapindika kapena kung'aluka.

Pikapu ya tani imodzi ndi matumba 20 a makilogalamu 50, kuchotsapo kulemera kwa anthu okwera. Matumba a kachewere a pa Lizulu, osokerera mutu pamwamba aja, amalemera kuposa 50. Kwezani limodzi pa sikelo musanawerenge kuti mulonga angati.