Madzi kufooka m'paipi yakale

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake madzi akufika ofooka kudimba kwanu ku Lifuwu pomwe pampu ndi yomweyo. Ine ndikukayikira paipi yachitsuloyo. Ikachita dzimbiri mkati mumakhakhala, ndiye madzi othamanga amakhulana ndi khomalo n'kumavunduka, mphamvu ya pampu n'kuthera m'njira. Ngakhale ili yatsopano, paipi yachitsulo ya galvanized imakhakhala mkati pafupifupi mamilimita 0.15, pomwe yapulasitiki ya PVC ndi 0.0015 basi. Dzimbiri limachepetsanso mpata wodutsa madzi, ndipo apa m'pamene pamapweteka kwambiri: kuchuluka kwa madzi kukakhala komweko, paipi ya mainchesi 2 imataya mphamvu yochepa pafupifupi ka 30 poyerekeza ndi ya inchi imodzi. Chonde musathamangire kugula pampu ina. Ikani PVC yokulirapo, muchepetse makona, ndipo muikwirire chifukwa dzuwa la kuno ku Salima limaiwononga.