Laisensi, lisensa kapena chilolezo?

Funso: Aphunzitsi, ndine wophunzira wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia. Ndalemba kapulogalamu ka masamu m'chiyankhulo cha Python ndipo ndikufuna kukapereka ku SciPy, nkhokwe ya mapulogalamu a masamu ndi sayansi a Python. Pofotokozera anzanga m'Chichewa ndiziti laisensi, lisensa kapena chiphaso? Kodi mapulogalamuwa tingawatche aulere? Nanga chimene timatsitsa ndi pip, kachida kotsitsira mapulogalamu a Python, chija dzina lake n'chiyani?

Yankho: Achimwene, mwandikanda poyabwa. Chiphaso chisiyeni. Chimenecho chimalembedwa dzina lanu, mumachionetsa pachipata cha m'malire cha Zóbuè, ndipo mnzanu sangayendere. BSD ndi GPL, malaisensi awiri a mapulogalamu, sizitchula wolandira. Mwini pulogalamu akuuza aliyense kuti tenga, sintha, gawira ena, bola usunge zakutizakuti. Kumeneko n'kulola, tsono liwu lake ndi chilolezo. Laisensi inatipeza kudzera pa wailesi za ku Malawi. Lisensa ndi ya Apwitikizi, ndipo agogo anga mlendo akati "com licença" pakhomo ankangokhala duu mpaka atanena odi. Pocheza nenani zonsezo, koma polemba ine ndili pa chilolezo.

Za "aulere" ndiye zimandipsetsa mtima. Chipwitikizi chimasiyanitsa livre ndi grátis, ifenso tili ndi ufulu ndi ulere. Chosowa mawu ndi Chingerezi, n'chifukwa chake Richard Stallman, amene anatulutsa GPL yoyamba mu 1989, wakhala akumasulira liwu limodzi lomwelo la "free" zaka zonsezi. Ife titengerenji umphawi wa eni ake? GPL siletsa n'komwe kugulitsa pulogalamu. Nenani mapulogalamu aufulu.

Zilolezo ziwirizi, BSD ndi GPL, musaziphatikize. NumPy, nkhokwe ina ya masamu ya Python, ndi SciPy zili pa BSD ya mfundo 3, yomwe kwenikweni imafuna kuti mawu a umwini asachotsedwe ndiponso musatsatsire malonda ndi maina a olemba. GNU Octave, pulogalamu ina ya masamu, ili pa GPL, imene imati ukagawa chimene wamanga pamwamba pake, nachonso chikhale pa GPL ndipo mizere ya pulogalamuyo ionekere onse. Ndiye mukatapako mizere ku Octave n'kuipereka ku SciPy, akubwezerani ngakhale masamu ake atakhala olondola chotani. Kuchoka ku BSD kulowa ku GPL njira ilipo.

Chotsitsa ndi pip chija achinyamata akuti pakoti, kutengera pacote. Ine ndikuti phukusi. Mtolo ayi, poti mtolo ndi wa zinthu zamtundu umodzi, pamene m'phukusi mumalowa zosiyanasiyana zomangidwa pamodzi. NumPy ya pa PyPI, kumene pip imatenga mapulogalamu, ikamafika pa kompyuta ya Linux imabwera itafungatira OpenBLAS, pulogalamu yowerengera masamu ya anthu ena yokhala ndi chilolezo chakechake, ndipo womanga phukusi ayenera kuikamonso mawu a chilolezo chimenecho. Mtundu wa phukusi umene eni ake amautcha wheel usiyeni momwemo. Wina anandiuza kuti tiziti gudumu, ndinangomuyang'ana.