Chifunga cha pa 40x'cho ndi mafuta

Achimwene, ngati pa microscope ya mu labu, pa lens ya 10x (yokuza chithunzi ka 10), zonse zikuoneka bwinobwino koma mukafika pa 40x n'kumaona chifunga, babu musalinamizire, maso anunso ali bwino. Ndi mafuta amenewo, oil amene timadontheza pa slide, kagalasi koikapo magazi, tikamagwiritsa ntchito lens ya 100x. Alipo amene anazunguza nosepiece, chozungulira chogwira ma lens, pa slide yodonthezera kale oil, 40x n'kukhula mafutawo. Lens imeneyo anaipangira kuti pakati pa iyo ndi slide pazikhala mpweya basi. Ya mafuta ndi 100x yokha, ya mzere woyera ndi wakuda ija.

Nkhaniyi imandiwawa mpaka lero. Ndinali pa attachment pa chipatala china cha kumudzi, nthawi ya mvula, malungo atavuta. Ma RDT, tizipangizo toyezera malungo mwachangu, anali atatha, ntchito yonse ili pa microscope imodzi. M'mawa anabwera naye mwana akukomoka, a clinician n'kuima pakhomo la labu kuti akufuna zotsatira pompano. Ndinapaka thick film, dontho lokhuthala la magazi pa slide, n'kuviika mu Field stain, mankhwala opatsa magaziwo mtundu, itauma ndinaika pa stage, poikira slide. Pa 10x ndinapeza malo abwino. Kudontheza oil, kutembenuzira pa 100x, palibe chooneka. Ndinazunguza fine adjustment, kokwezera ndi kutsitsira slide pang'onopang'ono kuti chithunzi chioneke, uku ndi uku, mbuu basi. Ndinapeza condenser (galasi losonkhanitsa kuwala) ili pansi, diaphragm (kabowo kolowetsa kuwala) yotseka, ndinakweza n'kutsegula, kuwala kunabwera koma chithunzi ayi. Thukuta kamukamu, manja akunjenjemera, mayi wa mwana akulira pa benchi, a clinician akugogoda tebulo ndi cholembera.

Nditasuzumira pansi pa lens ndinapeza mafuta a dzulo atauma ngati ulimbo. Kunsonga kwa 100x kuli sipuling'i yoti lens ikagunda slide izibwerera m'kati galasi lisasweke. Inali italowa n'kukanirira momwemo, ndiye mtunda wa pakati pa lens ndi slide, umene sukwana n'komwe theka la milimita, unali utasokonekera. 40x nayo inali noninoni.

Amene anagwira ntchito usiku ndi bambo wina wamkulu pa labupo. Atafika, m'malo mopepesa, anandikalipira pamaso pa odwala kuti ana a sukulu timangoononga katundu wa boma. Munthu amene ankapukuta lens ndi tishu ya kuchimbudzi, nthawi zina ndi kansonga ka gawuni! Lipoti langa analilemba moipa, dzina langa n'kukafika kusukulu. Mwayi wake mwana uja anamubaya artesunate, mankhwala a malungo, osadikira ine.

Mvetsani mmene kuwala kumayendera, simudzavutikanso. Kumachokera pa babu, condenser imakusonkhanitsa n'kukulunjika pa slide, objective (lens ya 10x, 40x kapena 100x ija) imakuza chithunzi, eyepiece, yoikapo diso, n'kuchikuzanso ka 10. Ndiye 100x ndi eyepiece zimapereka 1000, m'pamene kachilombo ka malungo kamaoneka kadontho kofiira ndi kamphete kabuluu. Kuwala kukamatuluka m'galasi kulowa mumpweya kumapindika, kwina n'kuphonya kabowo kakang'ono ka 100x. Oil amakupinda mofanana ndi galasi, n'chifukwa chake timadontheza. Koma 40x nthawi zambiri siitsekedwa molimba, mafuta akakhalitsa amalowa m'kati, ndipo akatero kupukuta kunja sikuthandiza.

Tengani lens paper, mudonthezepo pang'ono mankhwala opukutira lens, mupukute mozungulira kuchokera pakati, pepala lililonse kamodzi. Xylene, amene ena amapukutira lens, wambiri ayi, amasungunula guluu wogwira magalasi. Coarse adjustment, yokweza ndi kutsitsa slide kwambiri, muziigwira pa 10x pokha. Mukathira oil musabwererenso pa 40x, zungulirani mbali inayo. Poweruka pukutani 100x, ndipo mu kabati muikemo silica gel, timibulu toyamwa chinyezi, chifukwa chinyezi chimameretsa nkhungu m'magalasi.

Chifungacho chikakana, uzani a in-charge lero lomwe, ndipo mulembe m'buku. Ngakhale kuti ine kunena n'kumene kunandipalamulira, ndiye ngati muli pa attachment mwina yambani mwapukuta mwakachetechete. Ndipo mukadzakhala ndi labu yanu, makiyi a kabati azikhala m'thumba mwanu, ana a sukulu asamaigwire okha microscope.