Dziko la anthu 1.4 biliyoni koma ponseponse a Wang, a Li ndi a Zhang, zimatheka bwanji?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amakonza malipiro pa kampani ina yomanga yomwe ili ndi Atchaina angapo. Akuti pamndandanda wawo a Wang ndi a Li angodzaza, ndipo pali awiri amene dzina lonse ndi lofanana mpaka amasokoneza mafomu. Ndiye funso lawo ndi loti, kodi anthuwa ndi pachibale, amangolembana ntchito paubale? Nanga ku China kuli maina a makolo angati?

Achemwali, za ubalezo ayi, musawaganizire zimenezo. Unduna wa zapolisi ku China ndi umene umasunga kaundula wa mabanja, ndipo lipoti lomwe unatulutsa mu 2019 linaonetsa kuti a Wang okha anali opitirira 100 miliyoni, a Li nawonso anadutsa 100 miliyoni, a Zhang akubwera pambuyo pang'ono. A Wang okha ndi ochuluka kuposa anthu onse a ku Germany. Mukaphatikiza a Liu ndi a Chen, maina asanu okhawa ndi pafupifupi 30 peresenti ya dziko lonse, ndipo maina 100 oyambirira atenga anthu pafupifupi 85 pa 100 alionse. Maina onse omwe akugwira ntchito panopa ndi cha m'ma 6,000 basi, pomwe Japan, anthu ake sakwana n'komwe 130 miliyoni, ili ndi maina oposa 100,000. Ndiye a Wang anayi kukumana pa kampani imodzi si nkhani, zili ngati kupeza a Banda ndi a Phiri angapo m'basi ya ku Kasungu koma osadziwana.

Chomwe ine chimandigwira mtima pa nkhaniyi ndi chakuti mainawa sanayambe ochepa, anachita kuchepa. Akatswiri atafufuza m'mabuku akale anapeza maina oposa 10,000 omwe anakhalapo, ambiri anatha. Ndipo chifukwa chachikulu ndi zaka. Ku China mabanja a mafumu anali kale ndi maina otere zaka 3,000 zapitazo mu nthawi ya ufumu wa Zhou, ndipo pofika ufumu wa Han, womwe unayamba mu 202 BC, ngakhale mlimi wamba anali nalo. Ku England maina a makolo anayamba kukhazikika pambuyo pa 1066, ku Japan anthu wamba anachita kulamulidwa mu 1875 kuti aliyense akhale nalo. Tsono dzina lomwe limayenda kudzera kwa bambo limafa mosavuta, bambo akabereka ana aakazi okhaokha ndiye kuti pa nyumba imeneyo lathera pompo, ndipo ngati dzinalo linali la mabanja ochepa a chigwa chimodzi, njala imodzi kapena nkhondo imodzi imalifafaniza lonse osabwereranso, pomwe dzina la anthu mamiliyoni silingathe ndi mliri umodzi. Akatswiri awiri, Francis Galton ndi Henry Watson, anachita masamu a zimenezi m'ma 1870 ku Britain podandaula kuti maina a mabanja olemekezeka akutha. Ku China zimenezi zakhala zikuchitika kwa mibadwo pafupifupi 100.

Kenako pali mafumu. Banja lolamula Han linali la Liu, la Tang (618 mpaka 907) linali la Li, la Song linali Zhao, la Ming linali Zhu, ndipo onsewa lero ndi maina akuluakulu. Mfumu ndi abale ake amakhala ndi akazi ambiri, ana ambiri, chakudya chosasowa, ndiye mbumba imakula. Koma mafumu a Tang anali ndi chinanso, amapereka dzina lawo ngati mphoto. Mkulu wa asilikali Xu Shiji atatumikira bwino anapatsidwa dzina la Li n'kukhala Li Shiji, ndipo akuluakulu ena ambiri, ngakhale a mitundu ya kumalire, analandira dzinali pamodzi ndi ana awo. A Wang nawo nkhani yawo ndi ina, liwulo limatanthauza mfumu, ndiye zidzukulu za nyumba zachifumu zosiyanasiyana zomwe zinagwa zinalitenga, aliyense kwawo nthawi yakeyake. N'chifukwa chake a Wang awiri atha kukhala opanda kholo limodzi ngakhale mutakumba bwanji.

Mitundu ina inkalowanso m'maina omwewo. Mu 496 mfumu Xiaowen ya ufumu wa Northern Wei, yomwe inali ya mtundu wa Xianbei, inalamula anthu ake kusiya maina awo aataliatali, iyo yomwe inasiya Tuoba n'kukhala Yuan. Ufumu wa Qing utagwa mu 1912, Amanchu ambiri, mtundu womwe unkalamula ufumuwo, anachita chimodzimodzi, ena a banja lachifumu la Aisin Gioro anakhala a Jin. Asilamu ambiri a mtundu wa Hui dzina lawo ndi Ma.

Mwina munamvako za maina 100 a ku China. Limenelo ndi buku lakale la nthawi ya Song lotchedwa Baijiaxing lomwe ana ankaloweza pophunzira kuwerenga, koma muli maina oposa 400, ndipo limayamba ndi Zhao osati chifukwa a Zhao anali ochuluka koma poti linali dzina la mfumu.

Tsono pa ntchito yanuyo pali msampha wa kalembedwe womwe muyenera kuudziwa. Dzina lenileni ndi chilembo cha Chitchaina chija, zomwe ife timaona pa pasipoti ndi kamvekedwe chabe. Dzina lomwe ku Beijing amalemba Chen, ku Hong Kong ndi Chan ngati Jackie Chan, ku Singapore ndi ku Malaysia ndi Tan. Zhang ndi yemweyo Cheung, Chang ndi Teo. Lin ndi Lam komanso Lim. Mbali inayo, a Wong awiri a ku Hong Kong wina atha kukhala Wang wina Huang, maina osiyana kotheratu, ndipo ngakhale Zhang kapena Li ali ndi zilembo zingapo zomwe m'zilembo zathuzi zimangofanana. Zimatengeranso dera, kumpoto kuli a Wang ambiri, kumwera monga Fujian ndi Guangdong a Chen ndi amene achuluka, ku Taiwan woyamba ndi Chen wachiwiri Lin.

Dzina la makolo limabwera poyamba, a Xi Jinping ndi a Xi, katswiri wa basketball Yao Ming ndi a Yao, ndiye pafomu samalani poti ena amalitembenuza okha pofuna kutithandiza. Mayi akakwatiwa sasintha dzina, choncho mwamuna ndi mkazi wake pamndandanda wanu nthawi zambiri sadzafanana dzina. Ndipo kufanana dzina lonse kuja n'kofala kwambiri, anthu otchedwa Zhang Wei okha ali pafupifupi 300,000. Inu muzingogwiritsa nambala ya pasipoti, musadalire dzina. Okhaokha amasiyanitsana ponena kuti Lao Wang kwa wamkulu, Xiao Wang kwa wamng'ono, kapena kuphatikiza udindo wa munthuyo.

Maina a zilembo ziwiri monga Ouyang, Sima ndi Zhuge alipo koma ndi ochepa, ndi Ouyang yekha amene anadutsa 1 miliyoni.

Ndipo kuchepaku sikunathe, pano kukuchitika kudzera pa kompyuta, ndipo apa pokha ine zimandiwawa. Chitchaina chili ndi zilembo masauzande ambiri koma si zonse zinalowa m'makina a boma ndi a mabanki. Ku Yunnan, dera la Lijiang, kuli mudzi wa anthu a mtundu wa Lisu omwe dzina lawo linali Nia, chilembo chosowa chonena za mbalame yomwe ndi chizindikiro cha mfunda wawo. Itafika nthawi ya ziphaso zatsopano makina sankachidziwa chilembocho, munthu osatha kutsegula akaunti kapena kugula tikiti ya sitima, ndiye ambiri anangosintha n'kukhala a Ya, kutanthauza bakha. Nkhaniyi inamveka kwambiri mu 2023. Boma lakhala likuwonjezera zilembo m'makina, koma mwana amene anabadwa n'kulembedwa Ya, satifiketi ya sukulu Ya, ku banki Ya, kuti abwerere ku dzina la agogo ake afunika kusintha mapepala onsewo limodzilimodzi.