Kukanda galasi si umboni woti ndi dayamondi

Achimwene, mwala wonyezimira mwatola ku Soche uja usakupatseni chiyembekezo chifukwa choti wakanda galasi. Mwina ndi quartz chabe, ndipo ameneyu sasowa m'mapiri athuwa.

Pa sikelo ya Mohs ya 1812, yoyezera kulimba kwa miyala, galasi lili cha pa 5.5, quartz pa 7, dayamondi pa 10. Choncho mwala uliwonse wolimba kuposa galasi ulikanda ndithu. Rube, mwala wofiira wamtengo wapatali, wa ku Chimwadzulu ku Ntcheu ali pa 9, amakanda quartz koma kwa dayamondi amagonja.

Mukakanda, pukutanipo ndi chala chonyowa. Ndaonapo mzere ukufufutika, linali fumbi la mwala womwewo. Chonde musaumenye ndi hamala, dayamondi naye amasweka. Musanagulitse kwa aliyense, kauonetseni kaye kwa akatswiri a Geological Survey ku Zomba.