Makiyi musapereke, achemwali

Achemwali, mwalemba kuti ajenti akufuna makiyi a nyumba imene mukugulitsa kuti akaijambule. Makiyi musamupatse. Ngati akufuna kujambula nyumba yanu ya ku Chalala ija muno mu Lusaka, ajambule inu muli pomwepo, mukuona chilichonse chimene chikulowa mu foni yake. Ndawerenga zanuzi mtima wangoti myuu, chifukwa ndi momwe zinayambira ndi nyumba ya malemu bambo athu ku Chelstone.

Pabanja tinagwirizana zogulitsa, ndipo wapafupi ndinali ine, ena onse ali ku Chipata ndi ku Katete. Kunabwera mnyamata wotchena, wapakamwa pozuna, akuti ndi ajenti ndipo ogula ali nawo pamzere. Makiyi anakatenga kwa munthu wa lendi amene anali kusamuka, n'kulowa madzulo magetsi atazima. Munali mu 2024, chilala chija madzi atatsika ku damu la magetsi la Kariba. Zithunzi zinatuluka zamdima, zigubu za madzi mbwee m'bafa, mbaula pakati pa khitchini, banga la mvula pa siling'i. Zimenezo ndikanapirira. Koma anajambulanso geti lonse, nambala ya puloti ikuwerengeka bwinobwino, ndi chithunzi cha bambo chili pakhoma pabalaza. Zonsezo anamwaza m'magulu a Facebook ndi WhatsApp osandifunsa.

Kumapeto kwa mwezi ndili mkati ndikukolopa, ndinamva hutala pageti. Kutsegula, ndi Canter yodzaza katundu: bedi, firiji yomanga ndi zingwe, thumba la ufa, ana awiri atakhala pamwamba pa matiresi akadali mu yunifomu ya sukulu, mayi wawo ali ndi wina kumsana. Akuti tabwera kudzalowa. Ndikuti kulowa kuti, amayi? Anatulutsa foni n'kundionetsa nyumba yathu, zithunzi zomwezija, bambo anga ali pakhoma, pansi palembedwa kuti ya lendi, mtengo wotsika zedi. Anali atatumiza kale dipoziti ndi lendi ya mwezi pa mobile money kwa munthu amene anawauza kuti ali ku Kitwe pantchito, makiyi akawapeza kwa mlonda. Ku Kaunda Square komwe ankakhala anali atatuluka, eni nyumba atalowetsa wina tsiku lomwelo. Anayimba nambala ija ine ndikuona, yozimitsa. Anayimbanso, chimodzimodzi. Kenako anakhala pansi pafumbi pafupi ndi tayala n'kuyamba kulira mokweza, dalaivala uku akufuna ndalama zake za ulendo, anansi atadzaza mumsewu, wina mpaka kunena kuti mwina nanenso ndili m'gulu la akubawo. Pageti la bambo anga! Kamtsikana kaja kali pamwamba pa katundu kakufunsabe kuti amayi, chipinda changa ndi chiti. Katundu wawo anagona pakhonde pathu mpaka achibale atawatenga. Kupolisi tinapita limodzi, ndalama sizinabwerere.

Nditamuimbira ajenti uja anangoti si ine amayi, chithunzi chikalowa pa intaneti aliyense amatenga. Ndiye nambala ya puloti unaikiranji? Anakutuma ndani kujambula nkhope ya malemu? Kupepesa komwe ayi. Anthu amenewa alibe ofesi, alibe chiphaso, chawo ndi foni ndi bandulo basi, n'kumalipiritsa anthu viewing fee, ndalama yongoonera, pa nyumba imene mwini wake sakudziwa n'komwe kuti ikuonetsedwa. Amaunjikana ngati ntchentche pachilonda akangomva kuti pali nyumba ya masiye.

Jambulani nokha, foni yanu ikukwana. Chitani m'mawa dzuwa lisanakwere, makatani onse otsegula, flash osayatsa. Imani pakona ya chipinda, foni pachifuwa, yopingasa, kuti makoma asaoneke opendekeka. Kaja ka 0.5 ka pa kamera ya foni kosandutsa kachipinda kukhala holo kasiyeni, munthu akabwera n'kuona chenicheni amakwiya ndipo sabweranso. Chotsani zithunzi za banja, yunifomu za ana pachingwe, galimoto pabwalo. Ngati ndi pakati pa Ogasiti ndi Okutobala, wazani madzi pabwalo ndi kupukuta mawindo, fumbi la Lusaka limaoneka pachithunzi kuposa m'maso. Muno munthu asanafunse za matailosi amayamba wafunsa madzi, kenako magetsi, choncho thanki, borehole, mita ya mayunitsi ndi sola ngati ilipo zikhale ndi zithunzi zakezake. Mpanda jambulirani mkati. Pakati pa chithunzi chilichonse, osati m'mphepete poti angadule, lembani nambala yanu ya foni ndi mawu akuti YOGULITSA, SI YA LENDI. Musabise chilema, ngati pabwalo pamaima madzi mu Januwale ndi Febuluwale, nenani. Koma banga la siling'i lokhalo pakani penti, mukakonza kaye malata.

Komanso musaganize kuti mugulitsa nokha, muvutika ndi anthu ongobwera kudzayendera. Ife nyumba yathu inagulidwa kudzera mwa ajenti wina, mayi wachikulire wolembetsedwa ku Zambia Institute of Estate Agents, monga lamulo la 2000 limafunira. Chiphaso anandionetsa ndisanafunse. Poti ameneyu anali wa chiphaso, makiyi ankasunga iye nthawi yonseyo, ndipo geti analijambula ndithu, akuti wogula amafuna kuona kumaso kwa nyumba, anangophimba nambala. Ndiye wanuyo mufunseni chiphaso, mulemberane pepala la komishoni ndi komwe zithunzi zikaikidwe. Akayamba kuzungulira, mwadziwa.

Title deed musatumize pa WhatsApp kwa wina aliyense, wofunadi kugula akachite search ku Ministry of Lands. Ndipo poika mtengo muwerengeretu Property Transfer Tax, msonkho wa posintha umwini wa nyumba wopita ku bungwe la misonkho la ZRA, amalipira ndi wogulitsa, ndipo mu Januwale 2025 unakwera kufika pa 8 peresenti, osati 5 imene achibale anu akuikumbukira.